Msonkho wa Mayi Odula Makiyi

Sipeya anawerengera kachitatu, ndipo kachitatu konse yankho linatuluka lomwelo. Anafufuta, n'kuuzira tizinyalala ta labala pakauntala, n'kuyambanso. Kumbuyo kwake makina odulira makiyi ankalira ngati udzudzu wonenepa, fumbi lachikasu likugwera panyuzipepala imene mayi ake ankayala pansi m'mawa uliwonse.

Shopu yawo inali kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa magalasi a maso. Ukatambasula manja unkakhudza makoma onse awiri. Khoma lina linali misomali yokhayokha, ndipo pamsomali uliwonse pankalendewera makiyi osadula, aatali paokha, aafupi paokha. Kusukulu dzina lenileni la mtsikanayu linatsala m'kaundula basi. Mphunzitsi aliyense wofuna kiyi wachiwiri ankatuma iyeyo, ndiye anzake anangomutcha Sipeya.

Makina anazima.

"Zatuluka zingati?" anafunsa mayi ake, akusalaza kiyi watsopano ndi tupa.

"92,280."

Mayi anauzira kiyiyo, n'kumuyang'ana mbali zonse ziwiri ngati yankho lalembedwa pamenepo.

"Ndi lendi ya miyezi iwiri imeneyo, amayi."

"Kuwerenga ndimadziwa, mwanangu."

"Nanga tikapereka, mwini nyumba timuuza chiyani?"

"Mwini nyumba ndi munthu. Tidzalankhula naye."

Onse awiri ankadziwa kuti mwini nyumbayo ankamva ndi thumba, osati ndi makutu. Wogulitsa zipewa atachedwa ndi milungu itatu anapeza loko watsopano pachitseko chake, ndipo makiyi a lokoyo anadulidwa m'shopu mwawo momwemo.

Fomu ya msonkho inkafunika ku ofesi pofika Lachisanu, ndipo tsikuli linali Lolemba. Zaka zonse wolemba fomuyo anali bambo ake. Ankaiyala pakauntala, n'kulemba zilembo zikuluzikulu pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya kamwa. Bambowo anamwalira mwezi wachiwiri wa chaka chathachi, shopu n'kutsala m'manja mwa mayi. Fomu nayo inabwera m'dzina la mayi, koma cholembera anapatsira Sipeya. "Si ndiwe ukuphunzira zimenezi kusukulu?"

Masamu ake sanali ovuta. Pa phindu la chaka chonse, 500,000 yoyambirira saikhudza. Pa zotsalazo boma limatenga gawo limodzi mwa magawo asanu. Phindulo mayi analitchula okha, osayang'ana m'buku: 961,400. Sipeya sanakayike ngakhale pang'ono. Mayi ake ankadziwa chenji kasitomala asanamalize kutambasula ndalama yake. Ngati panali cholakwika, chinali m'mawerengero ake iyeyo, kapena m'lamulo lina limene anali asanaliphunzire. Payenera kuti panali khomo lotulukira penapake. Ankangofuna munthu woti amusonyeze khomolo, koma munthuyo asadziwe kuti akusonyeza ndani.

Mphunzitsi wa zamalonda ana ankawatcha a Ndiyeno, chifukwa ukayankha funso, ngakhale utakhoza chotani, iwo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Ndiyeno?" Teremu yonseyo ankaphunzitsa kulemba mafomu a msonkho pogwiritsa ntchito anthu opeka. Anali ndi bokosi la nsapato lodzaza makhadi, ndipo khadi lililonse linali munthu: ntchito yake, zimene wapeza mwezi ndi mwezi, ndi zimene akufuna kulemba pafomu. M'khadi lililonse munalinso msampha umodzi. Panali Wophika Buledi amene analembetsa galu wake ngati mlonda wolandira malipiro. Panali Wometa amene anaika suti ya ukwati wake pa zogulira bizinesi, ati chifukwa makasitomala ake anabwera kuukwatiko. Kalasi inazolowerana nawo anthuwa mpaka inkawajeda pa nthawi yopuma ngati aneba. Ena ankaikira kumbuyo galu uja, kuti ntchito ankagwiradi.

Lachiwiri a Ndiyeno analowa m'kalasi opanda bokosi.

"Anthu anga atha," anatero. "Onse mwawagwira. Mawa aliyense abwere ndi munthu wake. Miyezi khumi ndi iwiri, phindu limene munthuyo akunena, ndi msampha umodzi. Mudzasinthana. Wolephera kugwira msampha wa mnzake asesa kalasi. Amene msampha wake wagwidwa m'mphindi imodzi asesanso, chifukwa chotinyoza."

"Nanga wobwera wopanda msampha, aphunzitsi?" anafunsa wina kumbuyo.

"Ameneyo akolopa."

Masana amenewo mayi atapita kukaoda makiyi osadula, Sipeya anatsegula kope lakuda la shopu. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mayi ankalemba phindu n'kulizunguliza ndi cholembera chofiira. Anakopera manambala khumi ndi awiriwo mothamanga, khutu lili kumasitepe, ndipo pansi pake analemba 961,400. Pamwamba pa khadi analemba kuti Mayi Osoka Nsapato, akuganiza kuti wabisa bwino. Msampha sanaikemo. Kukolopa kalasi kunali kotchipa poyerekeza ndi loko watsopano pachitseko.

Lachitatu makhadi anasakanizidwa m'bokosi la choko, aliyense n'kutola limodzi. La Sipeya linagwera kwa Kadontho, mnyamata wamfupi kuposa onse, amene anapata dzinali chifukwa tsiku lina anatsutsana ndi mphunzitsi wa masamu ola lathunthu pa kadontho kamodzi, mpaka anapambana. Sipeya anapuma mpweya wautali. Ngati khomo linalipo, Kadontho alipeza.

Sipeya anatola khadi la Woyendetsa Takisi amene, malinga ndi mlembi wake, anagula matayala makumi anayi chaka chimodzi. Analiyang'ana osaliona. Maso ake ankangobwerera kudesiki lakutsogolo, kumene Kadontho anali atawerama, miyendo ikulendewera osafika pansi. Mnyamatayo anawerengera, n'kukwinya nkhope, n'kuwerengeranso. Patatha mphindi zitatu anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, khadi ili ndi lowonongeka."

"Ndiyeno?"

"Munthuyu akunama, koma akunama mozondoka."

Mitu yonse inadzuka.

"Miyezi yake ndikaiphatikiza ikukwana 538,250. Msonkho wake ndi 7,650 basi. Koma iye akufuna kulemba 961,400 kuti alipire zoposa kakhumi. Wophika Buledi anali wakuba, koma anali ndi nzeru. Mayi awa akudzibera okha."

Kalasi inaphulika ndi phwete.

"Mwina akufuna boma liwafunsire ukwati," anatero mtsikana wina pafupi ndi windo.

"Atipatse ife zotsalazo, tiwasokere nsapato tokha."

Kadontho anadikira kuti phokoso litsike, monga munthu wozolowera kukhoza. "Munthu wotere kulibe, aphunzitsi. Amene wapeka khadi ili sadziwa anthu. Ngakhale wopusa amadziwa thumba lake."

Sipeya anayenera kukondwa. Khomo lija linali litatseguka, lalikulu kuposa mmene ankayembekezera. Koma m'makutu mwake munangotsala phwete lija, ndipo m'maso mwake munali zala za mayi ake, zakuda m'mizere ndi fumbi losachoka ndi sopo.

"Si opusa," anatero.

Sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kumbuyo. Mtsikana wa pawindo anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chake. A Ndiyeno anapendeketsa mutu, ana n'kudikira liwu lija, koma silinabwere. Anangoyenda kukatenga khadilo m'manja mwa Kadontho, kuliika m'thumba la malaya, n'kufunsa kuti ndani ali ndi munthu wina wosangalatsa. Panapezeka Wogulitsa Nsomba amene ankalipira lendi ya nyanja, ndipo phunziro linapitirira.

Belu litalira a Ndiyeno anamuuza Sipeya kuti atsale.

"Khadi lako laposa anga onse," anatero akufufuta bolodi. "Anga ndimapeka ndine, ndiye onse amanama ngati ine. Mwini wake sindikufunsa. Ndingokuuza zimene ndaona. Munthu akamapeka nambala amapeka yosalala, 900,000, kapena miliyoni. Iyi ili ndi 400 kumchira. Nambala yotere munthu saipeka. Amakhala kuti anaiona penapake, n'kuisunga."

Anamubwezera khadilo, lili ndi chidindo cha chala cha choko pakona.

"Ndikolope lero, aphunzitsi?"

"Msampha unalimo. Kungoti wagwira mwini khadi. Pita."

Pansi pa kauntala ya shopu panali chitini chakale cha mabisiketi, mosungira malisiti ndi mapepala a lendi. Sipeya atafika anapeza mayi ake akukambirana ndi bambo wina amene ankafuna makiyi asanu a geti, koma ankafuna kulipira anayi. Iye anagwada ngati akumanga nsapato, n'kutsegula chitinicho mwakachetechete. Pansi penipeni panali kope la fomu ya chaka chatha. Zilembo zikuluzikulu za bambo ake zinali zitadinda mpaka kuseri kwa pepala. M'kabokosi ka phindu munali 961,400.

Anadikira mpaka bambo wa geti atachoka ndi makiyi ake asanu, atalipira asanu.

"Amayi, nambala ija ndi ya bambo."

Tupa linaima.

"Wagwira chitini changa?"

"Ndinakoperanso kope lakuda."

"Kukopera n'kupita nazo kuti?"

"Kusukulu. Dzina sindinalembe. Ndinati ndinu osoka nsapato."

"Ndiye ana a eni akhala akundiwerenga ngati nyuzipepala." Mayi anaika tupa pansi mosamala kwambiri. "Anaseka?"

Sipeya anayang'ana nyuzipepala yapansi ija.

"Anaseka," anadziyankha okha mayi.

"Koma amayi, msonkho weniweni ndi 7,650. Lendi itsala yonse. Bwanji munandiuza nambala ina?"

Mayi anakhala pampando wawo wautali. Pamwamba pawo anthu ankakwera ndi kutsika masitepe, mapazi akumveka ngati mvula yoyamba ndi kusiya.

"Bambo ako anayamba ndi tebulo panja apo," anatero. "Mvula ikagwa ankabisala pansi pa masitepe ano, mpaka mwini nyumba anati bola azilipira. Chaka chilichonse nambala inkakwera. Chaka chilichonse ankavala jekete n'kupita ndi fomu ku ofesi yekha, ngakhale anzake ankatuma ana. Ankabwerako akuyenda ngati wapambana mlandu. Ndiye ine chaka changa choyamba ndikapereke theka? Akatsegule faelo, aone chaka chatha, aone chaka chino, anene kuti munthu uja anasiyira shopu mkazi wosatha ntchito?"

"Simuli osatha."

"Iye ankapita kukatsegula zitseko za anthu otaya makiyi. Ankakonza maloko. Ine zimenezo sindinaphunzire, ndinkati nthawi ilipo. Mpaka lero anthu amasuzumira pano n'kufunsa kuti abambo aja alipo? Ndikati kulibe, amati tibweranso. Sabweranso." Anapukuta manja pa epuloni. "Pano aliyense wandiona ndikuchepa. Kumeneko kokha ndiye ndikufuna shopu ikhale mmene anaisiyira."

"Koma tikalemba nambala ya bambo, shopu ya bambo itsekedwa."

"Lemba zimene ndakuuza. Ukakana ndilemba ndekha."

Anatembenuka n'kuyatsa makina, ngakhale munalibe kiyi.

Popita kunyumba, atafika pamsewu waukulu mayi anagwira dzanja la Sipeya monga ankachitira ali mwana wamng'ono, n'kuwoloka naye, kenako n'kulisiya ngati sanaligwire.

Lachinayi kusukulu palibe anatchula za khadi. Zimenezo zinali zowawa kuposa kuseka, chifukwa anthu ankamupatsa njira pakhomo ngati wanyamula mazira. Masana anakhala pakauntala, fomu ili pamaso pake, kabokosi ka phindu kali kopanda kanthu. Mayi sanafunse. Iyenso sanalembe. Onse ankagwira ntchito mwaulemu wochititsa mantha, uyu akuti pepani, uyo akuti zikomo, m'chipinda chimene munthu sangatembenuke osagunda mnzake.

Cha m'ma 4 koloko pamwamba pa kauntala panatulukira mphumi ndi maso awiri. Anali Kadontho.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndikufuna kiyi wachiwiri wa loko wa njinga."

"Ukufuna chiyani kuno?" ananong'ona Sipeya.

"Kiyi. Ndanena kale."

"Wadziwa bwanji kuti khadi lija..."

"Linkanyezimira fumbi lachikasu. Nsapato sizitulutsa fumbi lotero." Kadontho anaimira zala kuti chibwano chifike pakauntala, n'kuyang'ana mayi. "Ndine amene ndinawerengera khadi lija, mayi. Ndinalankhula zachabechabe pagulu. Pepani."

Mayi anamuyang'ana kuchokera kumphumi mpaka pamene kauntala inamubisa.

"Ndiwe wamasamu uja? Ndimayesa ndiwe wamkulu."

"Ambiri amatero."

"Ndiye wabwera kudzandiona mmene munthu wopusa amaonekera?"

"Ayi, mayi. Ndabwera chifukwa dzulo ndinagwira ntchito yaulesi." Anatulutsa pepala la timabokosi m'chikwama n'kuliyala pakati pa makiyi. "Ndinangophatikiza. Kuphatikiza kumabisa zinthu. Nditafika kunyumba manambala aja anali adakali m'mutu, ndiye ndinawajambula."

Papepalapo panali mzere wa pensulo wokhala ndi timadontho khumi ndi tiwiri. Kadontho koyamba kanali pamwamba. Kachiwiri kanatsika, kachitatu kanagwera pansi penipeni, pafupi kutuluka m'pepala. Kuchokera pamenepo mzerewo unayamba kukwera.

"Onani kuyambira mwezi wachinayi," anatero mnyamatayo, akulondola ndi nsonga ya pensulo. "Miyezi isanu ndi inayi yotsatizana, sunatsike ngakhale kamodzi. Anthu a m'bokosi la aphunzitsi palibe anachitapo zimenezi. Zikapitirira chonchi, pofika pakati pa chaka chino mudutsa pamene mzere unayambira. Ndinawerengera kawiri."

Mayi anavala magalasi awo, amene anagula motsitsa kwa neba, n'kuwerama. Anaika chala pa kadontho kapansi kaja, n'kukhala pamenepo kanthawi. Kenako chalacho chinayamba kukwera.

"Apa ndi pamene a kuchipatala cha mano anayamba kutumiza makiyi awo onse kuno," anatero ngati akulankhula okha. "Anati anga salimba polowa. Apa ndinayamba makiyi a galimoto. Ndinawononga asanu ndi awiri ndisanakhoze woyamba, ndinawabisa m'sokosi kuti uyu asaone."

"Ndinawaona," anatero Sipeya.

"Apa unadwala iwe, ndinatseka masiku anayi. Sunatsike apa?"

"Sunatsike, mayi," anayankha Kadontho. "Unangokwera mwaulesi."

Mayi anatulutsa kampweya koseka m'mphuno, kamene Sipeya anali asanakamve kwa nthawi yaitali. Anatenga kiyi wa njinga, kusankha wosadula pamsomali wachitatu osayang'ana n'komwe, kumanga onse awiri m'makina, n'kuyatsa. Pasanathe mphindi anali akusalaza mano a kiyi watsopano.

"Ndi 500."

Kadontho anafufuza m'matumba. "Ndimayesa mundichotserako, mayi, poti ndine mnzake wa Sipeya."

"Kuyambira liti?" anafunsa Sipeya.

"Sindichotsa," anatero mayi. "Ukufuna mzere wanga utsike?"

Analipira zonse, ndalama zachitsulo zokhazokha, n'kuchoka. Pepala lija analisiya, ndipo palibe anamukumbutsa.

Panabwera mayi wina wofuna kiyi wa kabati, kenako mlonda wofuna mphete yomangira makiyi ake. Atachoka onse, mayi anakoka fomu ija n'kuitembenuzira kwa iwo. Anachotsa chivindikiro cha cholembera ndi mano.

"Nditchulire."

"Iti?"

"Yanga."

Sipeya anatchula pang'onopang'ono. Faifi, fili, eyiti. Mayi analemba nambala iliyonse payokha, zing'onozing'ono, zopendekera kumanja ngati anthu oyenda mumphepo. Atamaliza anauzira inki, ngakhale inali itauma kale.

"Ikuoneka yaing'ono m'kabokosimu," anatero.

"Kabokosi n'kamene kali kakakulu, amayi."

Lachisanu m'mawa mayi anauza Sipeya kuti awaperekeze asanapite kusukulu. Anavala diresi la buluu ndi nsapato zimene zinkawaluma. M'chikwama munali maenvelopu awiri, yopyapyala ya msonkho ndi yonenepa ya mwini nyumba. Njira yonse milomo yawo inkagwedera. Sipeya atayandikira anamva zidutswa: mwamuna wanga, mwezi wachiwiri, maloko sindinaphunzire, koma mukaona bwino.

"Mukupemphera?"

"Ndikukonzekera. Akandifunsa ndisakachite chibwibwi."

Ofesiyo inali pansanjika yachiwiri, chipinda chachitali chonunkha mapepala ndi polishi. Panali mabenchi anayi, wotchi yoima, ndi mawindo atatu, limodzi lokha ndi limene linali lotsegula. Anaima pamzere kumbuyo kwa bambo wonyamula mafaelo a anthu ena. Mzere ukasuntha, mayi ankakonza kolala. Pafupi ndi windo anatulutsa pepala la Kadontho, kulipinda bwino, n'kuligwira m'manja pamodzi ndi fomu.

Kuseri kwa galasi kunali kalaliki wachitsikana wa mphuno yofiira ndi chimfine. Analandira fomu, kuyendetsa chala m'timabokosi, kudina kakyuleta, n'kuwerenga ndalama za mu envelopu yopyapyala. Anayetsemula, kupepesa kwa kompyuta yake, kudinda chidindo, n'kukankha lisiti pansi pa galasi.

"Wotsatira."

Mayi sanasunthe. "Simufunsa chilichonse?"

Kalalikiyo anayang'ananso fomu. "Mwasaina?"

"Ndasaina."

"Ndiye basi, mayi. Zili bwino."

"Chaka chatha inali nambala ina."

"Chaka chilichonse imakhala ina," anatero mtsikanayo akufunafuna mpango. "Wotsatira."

Anatuluka. Atafika pakati pa masitepe mayi anaima, n'kugwira chitsulo cha m'mbali.

"Miyezi yonseyi," anatero, "ndakhala ndikuopa mwana wa chimfine."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka mapewa akugwedezeka, mpaka bambo wina wokwera masitepe anawalambalala. Kenako kusekako kunasintha osadziwika kuti kwasinthira pati, ndipo Sipeya anawagwira m'chiuno n'kutsika nawo sitepe imodziimodzi. Panja panali kakhoma kafupi pansi pa mtengo. Anakhala pamenepo. Mayi anavula nsapato imodzi, kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana pepala la mzere lija limene palibe anapempha kuliona.

"Nanga mawu onse ndinakonza aja ndipita nawo kuti? Ndinawaloweza bwinobwino."

"Ndiuzeni ine."

"Iwe ukuwadziwa kale."

"Sindinawamvepo onse pamodzi."

Mayi anamuyang'ana, n'kuyang'ana msewu. Anawongola msana, kuika manja pamaondo, n'kukonza pakhosi monga akanachitira pawindo paja.

"Mwamuna wanga anali wodula makiyi," anayamba. "Ine ndinkamuthandiza. Tsopano wodula makiyi ndine."

Kusukulu belu linali litalira kale. Sipeya anaika chikwama pansi, n'kumvetsera mpaka kumapeto.